Mtsinje wa Ngwerere ndi Kaphunzitsidwe ka Maina a Malo

Mukatumizidwa kukaphunzitsa ku Chibolya, mudzapeza kuti ana ambiri a Giredi 5 amadziwa ngalande koposa mtsinje. Cifukwa cace cili m'nthaka. Chibolya ndi Kanyama anamangidwa pa malo athyathyathya a miyala ya laimu, imene ili ndi ming'alu ndi mapanga. Madzi a mvula amalowa pansi m'malo moyenda pamwamba, ndipo pansi pakadzala amasefukira m'nyumba, monga zinacitikira ku Kanyama mu 1978. Cotero yambani phunziro ndi funso ili: kodi madzi a mu Lusaka amapita kuti?

Mzindawu uli pa citunda, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, ndipo citundaco cimagawa madzi pawiri. Kamtsinje ka Chunga, kufupi ndi Matero, kamathira mu Mwembeshi, ndipo Mwembeshi amathira mu Kafue. Ngwerere amalunjika kumpoto cakum'mawa nakathira mu Chongwe. Onsewo amathera mu Zambezi. Jambulani zimenezi pa bolodi, ana akopere.

Pobvuta ndi pa dzina. Tsiku lina ndinakhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo wophunzira uphunzitsi anauza ana kuti Ngwerere acokera ku mneni "kugwera", popeza mvula imagweramo. Ana analemba, ena anadula mzere kunsi kwace. Kufotokozako kunali kokoma m'khutu, koma mwini wace anakupeka usiku wathawo. Mau awiri akafanana kamvekedwe sindiye kuti ali pa cibale.

Funso loyamba si lakuti dzina litanthauzanji, koma lakuti analicha ndani. Cinyanja ndi mlendo pa citunda cino. Cinakula pamodzi ndi tauni, makamaka Lusaka atakhala likulu mu 1935. Amene anatunga madzi m'mitsinje imeneyi kale ndi Asoli ndi Alenje, ndipo kwa iwo ndiye koyambira kufunsa. Ana adzamvetsa msanga mukawapatsa dzina la komboni yao: Chibolya ndi liu la Cibemba, icibolya, limene m'Cinyanja timati bwinja, mudzi umene eni ace anasamukapo. Ngakhale Lusaka ndi dzina la mfumu ya mudzi, Lusaaka, limene linapatsidwa ku siteshoni njanji itafika mu 1905. "A" mmodzi anatayika m'zolembera za azungu. Si kwathu kokha. Mississippi wa ku America ndi mau a mtundu wa Ojibwe, misi-ziibi, ndiye kuti mtsinje waukulu, ndipo Mngelezi wofunamo tanthauzo la Cingelezi angobvutika cabe.

Cenjeraninso ndi kalembedwe. Pa mapu pali Ngwerere, koma pakamwa mudzamvanso Ngwelele. M'Cinyanja l ndi r sasiyanitsa tanthauzo. Timangolemba r pambuyo pa e ndi i. Motero r wa pa mapu sali umboni wa cinenero cimene dzinalo linacokera.

Nchito ya kunyumba ikhale yofunsa. Mwana aliyense apeze munthu wacikulire, makamaka wobadwira ku Chongwe, kwa Mfumu Nkomeshya, amfunse za dzinali. Alembe mau monga anawamvera, cinenero ca wonenayo, ndi amene anamuuza iyeyo. Mayankho akasiyana, musafafanize ena. Lembani onse pa bolodi, ndipo ana anene okha limene lili ndi mboni zambiri.