Kusamala nsalu zakale m'dera la chiperoni

Mu 1913, katswiri wofukula zinthu zakale Flinders Petrie anafukula mulu wa sanza ku manda a Tarkhan ku Egypt. Mu 1977 akatswiri ku London anapezamo malaya a bafuta a zaka zoposa 5,000. Anatha kukhala zaka zonsezo chifukwa cha kuuma kwa chipululu. Kuno ku Mulanje Mission mwayi wotero tilibe. Mvula imagwa yambiri, ndipo ikangoleka chiperoni amalowa m'malo. Nsalu ya pa gome la mgonero, bulawuzi yoyera ya Mvano yomwe anasiya agogo, kaya chitenje cha pa ukwati wa amayi, zikangokhala m'sutikesi miyezi ingapo mumazipeza zachita chuku, zikununkha chinyontho.

Nsalu yakale isamachapidwe pafupipafupi. Ulusi wokalamba ukanyowa ndi kutikitidwa umaduka. Yambani mwaiyala pa tebulo n'kuchotsa fumbi ndi burashi yofewa. Ngati ili ndi chuku, chitirani panja, iyambe yauma, mutaphimba mphuno ndi pakamwa.

Ngati kuchapa sikungalephereke, yesani kaye mtundu. Nyowetsani kansalu koyera, kanikizani pangodya pobisika. Kakatenga mtundu, musaiviike konse. Ikapanda kusuluka, tengani beseni lalikulu ndi madzi ozizira a mvula, koma osati oyamba kutsika pa malata chifukwa amabwera ndi fumbi ndi dzimbiri. Sungunulani pang'ono sopo wa mtanda wopanda mafungo, muviike nsaluyo, muziipsinja ndi zikhatho mofatsa. Pa mwala ayi, kufinya ayi. Tsukuluzani mpaka thovu litatheratu, ndipo poivuula igwireni pansi ndi manja onse awiri, chifukwa nsalu yonyowa imalemera n'kudzing'amba yokha. Ikulungeni mu thaulo kuti limwe madzi, kenako muiyale pamthunzi podutsa mphepo.

Jik ndiye amawononga nsalu zambiri m'makomo mwathu. Lero nsalu iyera mbuu, koma mankhwalawo amadya ulusi, ndipo chaka chamawa muona tizibowo. Madzi a phulusa omwe makolo ankachapira amachotsa mafuta ndithu, koma ndi aukali. Asiyireni zovala zolimba za ntchito. Kuyanika pa udzu padzuwa kumayeretsa nsalu yoyera yomwe ikadali yamphamvu, pomwe chitenje cha maluwa dzuwa limachisulula kosabwezeka. Nsalu yolowa matope, monga zinachitikira mabanja ambiri pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, itsukuluzeni msanga ndi madzi oyera matopewo asanaume, osatikita.

Akatswiri ali ndi njira zawozawo zosamalira nsalu zakale. Ku yunivesite ya Florence ku Italy, gulu la Piero Baglioni linapanga tinthu ta laimu tating'onoting'ono, toyezedwa m'mananomita. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000,000. Tinthuti amatisakaniza ndi alikoholo, timalowa mkati mwa ulusi n'kuthetsa asidi yemwe amaufooketsa. Apanganso phala looneka ngati jeli lomwe limayamwa litsiro popanda kunyowetsa nsalu yonse. Izi ndi za m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo pasapezeke wina wothira laimu wopaka khoma pa nsalu ya tchalitchi ati akutsanzira. Chomwe tingatengepo n'chakuti asidi ndi madzi ochuluka ndizo zimapha nsalu.

Asidiyo kwathu kuno amachokera ku thukuta, ku nyuzipepala, ku makatoni ndi ku matabwa. Bokosi la mkungudza lomwe ambiri amanyadira limathandiza kuingitsa tizilombo, inde, koma thabwa likakhudzana ndi nsalu zaka zambiri limasiya mawanga achikasu. Yalanimo kaye shiti yakale ya thonje yochapidwa bwino, ndipo nsaluyo muikulunge mu shiti ina. Jumbo musagwiritse ntchito, amatsekera chinyontho mkati. Chotsani mapini ndi zingano, dzimbiri lake silichoka. Ngati munaikhwimitsa ndi sitachi, itsukuluzeni musanasunge, chifukwa mphemvu zimakonda sitachi.

Kupinda malo amodzimodzi chaka ndi chaka kumathyola ulusi pamzere womwewo. Nsalu yaitali ya pa gome ndi bwino kuikulunga pa paipi ya pulasitiki yokutidwa ndi shiti. Ngati malo ndi ochepa, pindani momasuka ndipo muzisintha popinda. Simbi ya makala, yomwe imatha kugwetsa kaphulusa kamoto, ikhale kutali. Ngati kusita n'kofunikadi, yalani nsalu ina pamwamba ndipo simbi isatenthe kwambiri.

Bokosi likhale pa mpando kapena pa shelefu, osati pansi, ndipo lisagunde khoma lakunja poti chiswe ndi chinyontho zimadzera komweko. Mu Seputembala kapena Okutobala, kunja kutauma, tulutsani zonse zipitidwe mphepo pamthunzi kwa maola angapo. Pong'ambika musakoke ndi ulusi wa nayiloni. Ikani kansalu ka thonje kunsi, musokerere ndi ulusi wa thonje, osamangitsa.