PHUNZIRO LA CHINGEREZI: MAU ONENA ZA KUPITIRIZA NDI KULIMBIKIRA

Tsiku lina mnyamata amene ndinamphunzitsa kale anandipeza pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, nandionetsa kalata yaumboni imene kapitao wake anamlembera. Iye anali kufuna nchito ya ukalaliki m'ofesi ina ya ku Area 4. Kapitaoyo, pofuna kuyamikira khama lake, analemba kuti: "He persists in coming early." Ndinamuuza kuti abwerere nayo msanga asanaipereke, pakuti wodziwa Chingerezi akawerenga mau amenewa amamva ngati kulawira kwa mnyamatayo ndi khalidwe lotopetsa, limene akulu ake anamletsa koma iye samva. Kapitao analibe mtima woipa ai. Anaona m'buku lomasulira mau kuti "persist" ndi "persevere" ali m'khola limodzi, nayesa kuti ali yense angasenze katundu wa mnzake.

Awerengi okondedwa, tiyeni tiwaone mau amenewa limodzi limodzi, kuti zotere zisakugwereni.

Liu lofatsa koposa onse ndilo "continue". Silitamanda, silidzudzula, lingonena kuti chinthu sichinaleke. Likulu la dziko lathu linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, koma aphungu anatsalira komweko, ndipo tingalembe kuti: "Parliament continued to meet in Zomba until 1994." Pokamba ndi anzanu munganene "go on", "keep on" kapena "carry on", koma m'kalata ya ku ofesi "continue" ndiye woyenera. Chenjerani ndi "go on": "He went on speaking" ndiko kuti sanaleke kulankhula, pamene "He went on to speak" ndiko kuti anatsiriza china nayamba kulankhula.

"Proceed" ndiko kupita m'tsogolo utatha gawo loyamba, kapena utalandira chilolezo. Lichokera ku Chilatini: "pro", m'tsogolo, ndi "cedere", kuyenda. Liu lakuti "procession", mdipiti, ndi mbale wake wa bere limodzi, ndipo inu amene mumayenda mu mseu wa Kamuzu Procession masiku onse simudzaliiwala. Kalaliki wa ku Area 4 akakuuzani kuti, "Proceed to City Centre with this form," tanthauzo lake ndi lakuti pano mwatha, pitani mukamalize kumeneko. Musalembe "proceed my work". Munthu amene anadwala nabwerera ku nchito anene "resume my work", chifukwa "resume" ndiko kutenganso chimene unatula.

Tsopano tifike pa mau awiri aja amene anatsala pang'ono kumtayitsa nchito mnyamata wathu. M'chinenero chathu timasiyanitsa bwino lomwe kulimbikira ndi kukakamira. Mai amene alima yekha munda mwamuna wake atamwalira timati ngwolimbikira. Mwana amene abwerezabwereza kupempha chimene wakanizidwa timati ngwokakamira. Chingerezi nachonso chitero. "Persevere" ndiko kulimbikira pa nchito yabwino ngakhale iri yowawa, ndipo liu limeneli nthawi zonse liri ndi ulemu. Muzu wake ndi "severus", kudziumira mtima. Timati "persevere with your studies", kapena "persevere in prayer". Koma "persist", lochokera ku "sistere", kuima nji, kawirikawiri linena za munthu wosamva uphungu: "He persists in telling lies." Linenanso za chinthu chosafunika chimene chikana kuchoka, monga chifuwa, mvula ya mvumbi kapena mphekesera. Pa botolo la mankhwala mudzawerenga kuti, "If symptoms persist, see a doctor." Chifuwa sichingathe "persevere", popeza palibe amene amachiyamikira chikakhalitsa.

Mbiri ya mzinda wathu uno ingatithandize kumva kusiyana kumeneku. M'chaka cha 1965 boma la Dr. Banda linatsimikiza zosamutsa likulu. Boma la Britain silinavomere kupereka ndalama za nchitoyo, poganiza kuti dziko losauka liri ndi zina zofunika msanga. Dr. Banda sanabwerere m'mbuyo: m'chaka cha 1968 bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa, ndipo ngongole inachokera ku South Africa, dziko limene maiko ambiri a mu Africa anali kulisala chifukwa cha tsankho lake. Tsono alembi awiri akhale pansi kulemba za chaka chimenecho. Wina, amene aona Capital Hill ndi City Centre nakondwera, adzati: "Dr. Banda persevered." Mnzake, amene akumbukira kumene ndalamazo zinachokera, adzati: "Dr. Banda persisted." Nkhani ndi imodzi, koma liu lirilonse laulula mtima wa mlembi wake. Chifukwa chake ine ndimauza ophunzira anga kuti asanasankhe pakati pa awiriwa adzifunse ngati akuyamikira kapena akudandaula. Amene safuna kuweruza alembe "continued".

Komabe ndisakunamizeni: "persistent" nthawi zina ndi chitamando. Wofuna nchito amene agogoda pa zitseko khumi osataya mtima angatchedwe "persistent", ndipo sanatukwanidwe. Choopsa chiri pa "persist in" akatsatana ndi mchitidwe wa munthu.

Latsala "endure", kupirira. Wolimbikira amachita kanthu, koma wopirira amasenza chimene chamgwera: "They endured the famine of 1949." Agogo athu amene anaona njala imeneyo sanaisankhe, choncho "persevere" sangalowe m'malo mwake.

Nayi nchito ya masabata awiri ano. Masulirani m'Chingerezi ziganizo izi, kusankha liu limodzi mwa amene taphunzira:

1. Minibasi inaima pa mlatho wa Lilongwe, kenaka inapitirira ku msika.
2. Ngakhale analephera mayeso kawiri, mtsikanayo analimbikira.
3. Msonkhano udzayambanso titadya nsima.
4. Malungo akapanda kutha, pitani ku chipatala.

Potsiriza, lembaninso chiganizo cha kapitao uja, kuti mnyamata wathu alembedwe nchito.