Kuwala ndi Ndere

Kodi munaonapo nsomba zosungidwa m'bokosi lagalasi? M'bokosi lotere amabzalamo zomera za m'madzi. Zomerazi zimafuna kuwala kuti zipange chakudya chawo, ndipo potero zimatulutsa mpweya wabwino umene nsomba zimapuma. N'chifukwa chake mwini bokosi amaika nyali yamagetsi pamwamba pake.

Koma kuwala kumene kumakulitsa zomera kumakulitsanso ndere. Nyali ikamayaka usana ndi usiku, kapena bokosi likakhala pazenera pamene pamawomba dzuwa, ndere zimachuluka. Galasi limabiriwira, masamba amakutidwa, ndipo zomera zimayamba kufa.

Munthu wosamala amayatsa nyali maola 6 mpaka 8 patsiku, pa nthawi yofanana masiku onse. Sachulutsa chakudya cha nsomba, pakuti chotsala chikaola chimasanduka manyowa a ndere. Mlungu uliwonse amatapa gawo limodzi la magawo anayi a madziwo, nathiramo ena oyera. Paja akuluakulu anati, zikachuluka sizidyeka.

Mafunso
1. Kodi zomera zimathandiza bwanji nsomba?
2. Tchulani zinthu ziwiri zimene zimachulukitsa ndere.
3. Kodi nyali iyenera kuyaka maola angati patsiku?