Mpira, Dzuwa ndi Mwera

Nkholongue ndi mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ya Niassa. Uli kumwera kwa Metangula, m'boma la Lago. Ana a kumeneko amakonda mpira. Amakondanso kuthamanga pamcenga ndi kusambira. Koma tsiku lina amasewera bwino, tsiku lina amalephera. Cifukwa cake n'ciyani?

Dzuwa

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo. Mcenga umaotca mapazi. Wosewera amatuluka thukuta lambiri, ndipo madzi amacepa m'thupi mwake. Amatopa msanga. Mutu umamupweteka, mwinanso amacita cizungulire n'kugwa. Mwana wotere agone pamthunzi, amwe madzi abwino, ndipo anzake aitane wamkulu. Nthawi yabwino yosewera ndi m'mawa kapena madzulo.

Akatswiri a mpira nawonso amaopa dzuwa. M'caka ca 2014, pa mpikisano wa dziko lonse ku Brazil, woyimbira mpira anaimitsa masewera kuti osewera amwe madzi.

Mwera

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumawomba mwera. Mphepo imeneyi imacokera kumwera ndipo ndi yozizira. Mpira ukamenyedwa m'mwamba, mwera umaukhotetsa. Wothamanga moyang'anana ndi mphepo amacedwa. Amene mphepo ili kumbuyo kwake amafulumira. Kukazizira, osewera ayambe athamanga pang'ono kuti thupi litenthe.

Mwera umautsanso mafunde aakulu. Ngakhale asodzi amakokera mabwato awo kumtunda. Tsiku lotere mwana sasambira.

Mvula

M'dzinja bwalo limaterera. Mpira wonyowa umalemera, ndipo osewera amagwa kawirikawiri. Kukayamba kugunda ndi kung'anima, masewera atha. Onse atuluke m'madzi, acoke pabwalo, alowe m'nyumba. Asabisale pansi pa mtengo, cifukwa mphezi imakonda kugwa pa mitengo yaitali.

Wosewera wanzeru amayang'ana kumwamba ndi kunyanja asanayambe masewera.

Mafunso

1. Kodi Nkholongue ili m'boma liti?
2. N'cifukwa ciyani wosewera amatopa msanga padzuwa?
3. Kodi mwera umacokera kuti?
4. Kodi ana acite ciyani kukayamba kung'anima?

Nchito ya kunyumba

Funsani agogo kapena amalume maina a mphepo zina za panyanja. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.