Madzi a Moyo: Kuonerera Kamodzi Sikudziwa

Mvula ikayamba, ana otsegula m'mimba amaculuka ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika. Pa kiliniki timaonetsa amai kasakanizidwe ka madzi a moyo, kenaka tifunsa, "Mwamva?" Onse ayankha kuti inde. Koma patapita sabata, ena amabwera ndi mwana wofooka, ndipo tikawapatsa paketi kuti asakanize tikuona, amathira m'kapu imodzi ya madzi. Mcere ukaculuka motero ungaononge mwana m'malo momuthandiza.

Colakwa si ca amai okha. Ifenso ophunzitsa timafulumira kukhutira.

Mu 2019, akatswiri a ku America anayesa nkhaniyi pa ana ocedwa kuphunzira. Zimene ana analeka kuphunzitsidwa atakhoza 80 pa 100 zinayamba kuiwalika m'masabata ocepa. Zimene anabwereza kufikira atakhoza zonse, maulendo atatu otsatizana, zinakhalitsa. Pa mankhwala, "pafupifupi bwino" sikokwanira konse.

Ku Bangladesh, bungwe la BRAC linaphunzitsa mabanja okwana 12 miliyoni kupanga madziwa, khomo ndi khomo, kuyambira 1980 kufika 1990. Cimene ndimakonda pa nchitoyo ndi ici: patapita pafupifupi mwezi, oyang'anira anali kupita kwa ena mwa amai aja, kuwafunsa mafunso ndi kuwauza kuti asakanizenso. Malipiro a mphunzitsi anadalira pa zimene amai anakumbukira.

Tsono inu amai, ndi inu atate (musathawe, mwana amadwalanso usiku amai ali ku maliro), pemphani anamwino kuti musakanize ndi manja anu. Sambani m'manja ndi sopo. Pimani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, thirani paketi yonse, takasani kufikira itasungunuka. Mukaphonya pamodzi, yambaninso. Citani katatu popanda wokuuzani.

Bvuto lina ndi ciwiya. Jagi ya ku kiliniki ili ndi mizere, ya kunyumba ilibe. Botolo la saladi la 750 ml silifika lita. Bweretsani ciwiya canu tikuikireni cizindikiro, ndipo mukayeserenso kunyumba mwana asanadwale. Phunzitsani ambuya ndi mwana wamkulu amene amatsala ndi khanda. Pophunzitsa wina m'pamene mudzaona zimene mwaiwala.

Madzi otsala atayeni pakapita maola 24. Pitirizani kuyamwitsa, ndipo mapilisi a zinc amwedwe masiku 10 kufika 14 ngakhale kutsegula kwaleka. Mwana akalephera kumwa, akasanza zonse, maso akalowa m'kati kapena mukaona magazi m'cimbudzi, thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo.