Mbaula ndi Mpweya Wosaoneka

Madzulo, mai akamakazinga kapenta m'Matero, anansi amadziwa ndiwo zace asanazione. Pfungo lafika pakhomo pao, ngakhale kulibe mphepo. Layenda bwanji?

Mpweya uli wonse ndi khamu la tizidutswa tating'onong'ono, tosaoneka ndi maso, timene anzeru amaticha mamolekyulu. Tizidutswato sitikhala cete usana ndi usiku. Liwiro lace ndi mamita ngati 500 pa kamphindi kamodzi, kuposa ndege. Koma timaombana tokha-tokha kosalekeza, monga munthu wothamanga pakati pa unyinji wa anthu mu msika wa Soweto. Cotero timasendera pang'ono-pang'ono, kucoka kumene tacuruka kunka kumene tacepa. Kumeneku ndiko kufalikira kwa mpweya. Kufalikira pakokha ndi kwaulesi, kukadatha masiku kudutsa bwalo. Koma mpweya wotentha wokwera pamoto umasenza pfungo mtunda waukuru, ndipo kufalikira kumatsiriza kamtunda kotsala.

Thomas Graham wa ku Glasgow anayamba kulemba za ici m'caka ca 1829. Iye anapeza kuti mpweya wopepuka umafalikira msanga koposa wolemera. Okosijeni amalemera kuposa haidrojeni ka 16, ndipo haidrojeni amamposa liwiro kanai. Mu 1855 Adolf Fick wa ku Germany anaonetsa kuti kufalikira kumafulumira pamene mbali imodzi yacurukitsa ndi inzace yacepetsa, ndiponso pamene njira iri yaifupi.

Wokhoma mbaula sanamve za Fick, komatu amatsata lamulo lace pamene aboola maenje m'citini. Pa magawo 100 a mpweya, 21 okha ndiwo okosijeni, ndipo moto sufuna wina koma ameneyo. Kuti makala, amene a m'Lusaka amati malasha, ayake, okosijeni ayenera kupyola phulusa nafika pa khala leni-leni. Phulusa likakula, njira yatalika, moto nuzirala. Mwana akagwedeza mbaula nakupiza ndi cibvundikiro ca mphika, wafupikitsa njira, makala nafiira. Akatswiri a fakitale ya feteleza ya ku Kafue, imene inatsegulidwa mu 1970, anali kuwerengera nchito yomweyi ndi manambala, pakuti popanga amoniya mipweya iyenera kulowa m'timaenje ta citsulo cofulumizitsa nchitoyo.

Koma lamulo lomweli limaphanso. M'miyezi ya Juni ndi Julayi cisanu ca Lusaka cimalowa m'mafupa. Ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George mabanja ena amalowetsa mbaula m'cipinda, natseka citseko, natsekanso mipata ndi nsanza. Okosijeni akacepa, makala amaturutsa mpweya woipa wochedwa kaboni monokisaidi. Ulibe maonekedwe, ulibe pfungo, sutsokomoletsa. Kulemera kwace kuli pafupi ndi kwa mpweya wamba, cifukwa cace umasanganikira m'cipinda monse. Wogona pamphasa ndi wogona pakama aupuma cimodzi-modzi.

M'mapapo muli timatumba tambiri-mbiri ta khungu lopyapyala koposa, ndipo mpweya umapyola khungulo kulowa m'mwazi mwa kufalikira komweko. Tsoka lace ndi ili: mwazi umagwiritsa mpweya woipawo koposa okosijeni ka 200 ndi kupitirira. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi mseru, miyendo nilefuka. Wogona tulo sadziwa kanthu, ndipo kawiri-kawiri sadzukanso. Kukaca ena amati ndi malungo, ena amaloza mnansi kuti ndi mfiti, pamene mbaula iri pomwepo ndi phulusa lace.

Ambiri amayesa kuti makala ofiira opanda utsi alibe coipa. Kumeneko ndi kudzinyenga, pakuti utsi ndi mpweya uwu ndi zinthu ziwiri. Mbaula iturutsidwe anthu asanagone. Munthu akapezeka atalefuka m'cipinda cotere, zitseko ndi mazenera zitsegulidwe, iye anyamulidwe kunka naye panja, ndipo apite naye ku cipatala msanga, ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Kumeneko amampumitsa okosijeni wa m'botolo, amene amacotsa mpweya woipa m'mwazi msanga koposa mpweya wa pabwalo.

Mafunso

1. Cifukwa ninji moto umayaka bwino mbaula ikagwedezedwa?
2. Kodi mpweya wa makala umalowa bwanji m'mwazi?