Phunziro: Pulojusa ndi Ndani? Moyo wa Du Chisiza

Mwana wanga, dzulo titamaliza kuyeserera sewero lathu unandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi pulojusa amagwira ntchito yanji, popeza pa nsanja sitimuona?" Wafunsa bwino. Yankho tiliyambira pagombe pathu pano pa Senga Bay.

Madzulo, alovi akamanyamuka kukapha usipa, maso a anthu amakhala pa iwowo ndi pa siginala, uja amatsogola ndi nyali zokopera nsomba. Koma pali wina amene amatsala kumtunda: mwini chilimira. Iyeyu ndiye wagula ukonde, wathira petulo mu injini, wasankha alovi, ndipo m'mawa ndiye agawe ndalama. Mwera ukaomba sabata yathunthu, ngongole imagwera iyeyo.

Pulojusa ndi mwini chilimira wa zisudzo. Ndi munthu amene amasonkhanitsa zonse zofunika kuti sewero lifike kwa anthu: ndalama, ochita sewero, holo, chilolezo ndi galimoto. Usamusokoneze ndi dayirekitala. Dayirekitala amaphunzitsa ochita sewero poima, kayendedwe ndi kalankhulidwe. Pulojusa amaonetsetsa kuti anthuwo adya, afika pamalo ndipo alipidwa. Gwira bwino kusiyana kumeneku: wina asamala zimene omvera aone, wina asamala kuti sewerolo lichitike.

Kuno ku Malawi ntchito ziwirizi kawirikawiri zimagwera munthu mmodzi, ndipo amene anazisenza mwamphamvu kuposa onse ndi Dunduzu Chisiza Junior, wodziwika kuti Du.

Du anabadwa mu 1963, bambo ake atamwalira kale. Bambowo, a Dunduzu Chisiza a ku Karonga, anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, ndipo anafa pangozi ya galimoto pa Thondwe mu Seputembala 1962. Mu 1967 mbale wa bambo akewo, a Yatuta Chisiza, anaphedwa atalowa m'dziko muno ndi zida kudzalimbana ndi boma la Dr. Banda. Choncho mwanayu anakula ndi dzina limene akuluakulu a boma ankaliyang'ana ndi diso lofiira.

Luso lake linaonekera ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre. Mu 1982 sewero lake, The Deceased's Attack, linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale umene ankakonza a ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi. Taona, anayambira pa sewero la kusukulu, ngati lathuli. Kenaka anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, m'dziko la America, ndipo atabwerako mu 1987 anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre.

Apa ndiye pagona phunziro lathu, ndiye tiyende pang'onopang'ono. Du asanatero, zisudzo zambiri zinkachitidwa ndi ophunzira, kapena anthu a ntchito zina amene ankakumana akaweruka. Iye anati zisudzo zikhale ntchito yodyetsa munthu. Wakhumbata imadziwika kuti ndilo gulu loyamba m'Malawi limene anthu ake ankadalira zisudzo pa moyo wawo.

Ganiza tanthauzo lake. Ngati anthu akudya za pakhomo la holo, sewero limodzi silingawasunge chaka chonse, chifukwa amene waonera kawiri sabweranso kachitatu. Pamafunika sewero latsopano msangamsanga, ndipo pamafunika kuyenda nalo mizinda ina. N'chifukwa chake Du analemba masewero oposa 20, monga Fragments, Papa's Empire ndi Educating Mwalimu. Kulembako kunali luso, koma kunalinso kusunga gulu kuti lisabalalike ndi njala.

Panalinso mtolo wina. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board, lounika mabuku, mafilimu ndi masewero anthu asanazione. Sewero linkayenera kupita kumeneko kaye, ndipo bungwelo linkatha kudula mawu kapena kuliletsa lonse. Olemba a nthawiyo anaphunzira kulankhula mokuluwika, kubisa nkhani ya dziko m'nkhani ya banja kapena ya kampani. Koma wopita kukapempha chilolezo, wokayankha mafunso, anali pulojusa. Du, ndi dzina lake lija, ankalowa yekha pakhomo limenelo.

Sindikubisira mbali yovuta. Mu 1993 Du anavomera kukhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma la Dr. Banda lomwe lija, ndipo ambiri amene ankamuombera m'manja anakhumudwa. Ine ndimaona kuti ndale zinamudyera nthawi imene zisudzo zinkaifuna. Chinanso, masewero ake ambiri anali a m'Chingerezi, motero agogo ako kuno kunyanja sakanawamva monga ankamvera Izeki ndi Jakobo, akatswiri a gulu la Kwathu limene linkasewera m'Chichewa.

Du anamwalira pa 24 Febuluwale 1999, asanakwanitse zaka 36. Mu Epulo chaka chomwecho wailesi ya kanema yoyamba m'dziko muno, Television Malawi, inayamba kuulutsa. Du anaiphonya ndi masabata ochepa chabe, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Iye atamwalira, gulu lake analitsogolera Gertrude Kamkwatira, amene pambuyo pake anayambitsa lakelake la Wanna-Do.

Pa kanema ntchito ya pulojusa ndi yomweyo, koma ndalama zimadzera njira ina. Palibe wolipira pakhomo, ndiye pulojusa amafuna kampani kapena bungwe loti lilipirire makamera ndi nthawi ya pa wailesi. Sewero la Tikuferanji, limene linatchukitsa a Michael Usi ndi dzina la Manganya, linakhala zaka zambiri chifukwa panali anthu osaoneka pa kanema amene ankasaka thandizo lotere.

Tsopano ntchito yako nayi. Tenga kope, ulembe zonse zofunika kuti sewero lathu likaonetsedwe ku Salima boma: anthu angati, galimoto ndalama zingati, chakudya, holo, ndi amene tikamupemphe chilolezo. Pambali ulembe mtengo wa pakhomo ndi chiwerengero cha anthu ofunika kulowa kuti tisabwereko ndi ngongole. Undibweretsere Lolemba m'mawa, tidzawerengere limodzi.